Mwendo Unapola, Impso Zinapita

Amuna anga anali ocheka matabwa m'Phiri la Dedza. Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Bembeke, ndipo anthu ena sankamvetsa kuti mphunzitsi angakwatiwe bwanji ndi munthu wonunkha utomoni wa paini. Bamboyo anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Ankadzuka nkhungu isanayambe kubalalika, kupalasa njinga mpaka m'munsi mwa phiri, kuisiya kwa mnzawo, n'kukwera wapansi macheka ali paphewa. Akaweruka ankadutsanso kudimba kukaona kachewere. M'tchalitchi ulaliki ukatalika, ndinkawaona kumbali ya abambo akugwedeza bondo ngati munthu amene basi ikumusiya. Chibadwire anali asanagonepo m'chipatala.

Anavulala mu Juni, chisanu chili pachimake. Iwo ndi anzawo awiri ankagubuduza chipika kuti achikweze pamwamba pa dzenje lochekera. Mtengo wochirikiza unaterereka pa masamba onyowa, chipika n'kubwerera. Chinawapeza pantchafu ya kumanja. Anzawo anawatsitsa m'phiri atawagoneka pa matabwa omwe anacheka okha dzulo lake. Uthenga unandipeza ndili m'kalasi, choko chili m'manja.

Kuchipatala adokotala anaonetsa chithunzi cha fupalo pawindo.

"Lathyoka pawiri, amayi. Pakufunika chitsulo cholumikizira, koma zitsulozo pano zatha, tikudikira. Pakadali pano tiukoka mwendowu kuti mafupa asapiringizane."

"Mpaka liti, adokotala?"

"Masabata awiri, mwina atatu."

Kukoka kwake kunali kotere: anabaya kachitsulo m'fupa la pansi pa bondo, n'kumangirirapo chingwe. Chingwecho chinadutsa pa kagudumu kumapeto kwa bedi, ndipo kunsonga kwake kunkalendewera thumba la mchenga. Kuti thumbalo lisawakokere pansi munthu yense, anakweza miyendo ya bedi ya kumapazi ndi njerwa, ziwiri uku ziwiri uku. Basi amuna anga anagona chagada, mapazi m'mwamba, mutu kunsi. Chitsulo chija sichinabwere. Anagona choncho miyezi itatu.

Ndinapempha tchuthi kusukulu n'kukhala gadiyani wawo. Sabata yoyamba yomwe nkhope yawo inatupa, maso n'kuchepa. Mphuno zinatsekeka ngati ali ndi chimfine, koma chimfine panalibe. Mutu unkawawa. Ndinauza anamwino, iwo anati ndi mmene zimakhalira munthu akagona chopendekeka, magazi amathamangira kumutu. Kenako ndinayamba kuona mwendo wabwino uja ukuonda. Katumba amene ankakwera phiri tsiku ndi tsiku anafewa ngati papaya lakupsa.

Koma chimene chinatisautsa kwambiri sichinali mwendo. Unali mkodzo.

Wodi ya abambo inali yodzaza, yopanda nsalu yotchinga. Tinali ndi kachigubu kodula pakamwa, ndipo amuna anga akafuna kutaya madzi ndinkawafunditsa bulangete n'kuwagwirira. Aliyense amene anayesapo akudziwa kuti kukodza mutu uli kunsi n'kovuta. Madzi sakwera chitunda. Ankadikira nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, pomaliza theka n'kuthera pa nsalu zogonera. Ndinkazichapa pa mpope wa kuseri kwa wodi, manja atachita dzanzi. Masiku ena mpopewo unkauma mpaka masana. Ndipo ndi nkhungu ya ku Dedza bulangete siliuma tsiku limodzi.

Lamulungu lina kunabwera amayi a kumphakati kwathu, amene tinkapemphera nawo limodzi, kudzationa. Ali mkati moyimba, amuna anga sanathe kudzigwira. Mkodzo unayenderera pa pulasitiki ya matiresi, kutsetsereka kulowera kumsana, n'kuyamba kudontha pansi cha kumutu. Amayiwo anapitiriza kuyimba maso ali kudenga. Atapita, dzuwa litapendeka, bamboyo anandiitana.

"Mayi, madziwa chepetsani."

"Bambo, munthu wodwala amafunika kumwa."

"Ndati chepetsani. Tiyi wa m'mawa akwanira. Ine si khanda."

Ndinachepetsa. Ndikanatha kulemba pano kuti ndinatero chifukwa chomvera mwamuna wanga, ndipo anthu akanandimvetsa. Koma zoona zake n'zakuti mtima wanga unapepuka. Zochapa zinachepa. Manja anga amene anali atang'ambika anayamba kupola. Ndinkawapatsa kapu imodzi m'mawa, ina madzulo yomezera mankhwala, ndipo mkodzo utayamba kutuluka wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndinkangoti zatichepera ntchito.

M'sabata yachinayi munalowa bambo wina wovala malaya oyera, amene anati ndi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa thupi. Anagwira katumba wa mwendo wabwino uja n'kupukusa mutu.

"Akulu, thupi likangogona limayamba kudzidya lokha. Tiyeni tilipatse ntchito."

Anandipempha chitenje, n'kuchimanga pa chitsulo chimene chinkadutsa pamwamba pa bedi. Anawaonetsa kugwira ndi manja onse n'kudzikweza mpaka mapewa atachoka pa matiresi. Anawaonetsa kupinda ndi kutambasula mwendo wabwino, kuponda mwamphamvu pa matiresi, kuzunguliza mapazi onse awiri.

"Muzichita m'mawa, masana ndi madzulo. Ndipo amayi, madzi azimwa ambiri. Ndibweranso Lachinayi."

Lachinayi linafika, iye sanabwere. Sanabwerenso mpaka tinatuluka. Ndinadzamva kuti wa mafizo analipo yekhayo, mawodi onse ndi odwala akunja omwe. Sindimuimba mlandu kwambiri. Ndimangodandaula kuti anatiuza zochita osatiuza chifukwa chake. Akanangotchula mawu oti impso, ine mphunzitsi ndikanamva.

Za madzi ndinayesa masiku awiri, nsalu zinanyowanso, tinabwerera ku makapu athu awiri. Koma chitenje chija amuna anga anachikonda. Ankadzikweza akuwerenga mokweza, mdala wa bedi loyandikana nalo akuwachemerera. Anayamba ndi kasanu, sabata isanathe anafika makumi awiri. Chakudya anayamba kumaliza. Tsiku lina anaseka, koyamba chivulalire.

Ndiye kunabwera apongozi anga, mayi awo, kuchokera ku Lobi. Analowa m'wodi nthawi imene mwana wawo anali m'malere, mano ataluma, thumba la mchenga likugwedera uku ndi uku. Anaponya pansi kamtolo kawo.

"Mayo ine! Mukundiphera mwana! Fupa lingagwirane bwanji munthu akudumpha ngati nyani?"

"Amayi, anatiuza ndi achipatala," ndinatero nditagwada.

"Achipatala ake ati? Ali kuti? Ine ndalera ana asanu ndi awiri. Ngakhale mbuzi ikathyoka mwendo timaimanga kuti isayende. Inu sukulu yanuyo ndi imene ikukuuzani kuti mulemaze mwana wanga?"

Wodi yonse inali kutiyang'ana. Ndinafunafuna namwino, koma amene analipo anali kumapeto akumanga bala. Amuna anga, munthu amene anzawo ankamuopa kuphiri, pamaso pa mayi awo anangoti, "Chabwino amayi, ndasiya." Apongozi anandiyang'ana ine. Ndinakwera pa mpando n'kumasula chitenje changa ndi manja angawa. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa anagonera, ndipo sanakome.

Apongozi anakhala nafe mpaka kutuluka. Kunyumba analamula kuti mwana wawo apitirize kugona, ndodo zoyendera azigwiritsa ntchito popita kuchimbudzi basi. Inadutsanso miyezi iwiri. Ine ndinabwerera kusukulu, ndipo ndinkathokoza kuti pali wowayang'anira.

Ululu woyamba unabwera iwo atayamba kale kuyenda pang'onopang'ono pabwalo. Ndinawapeza masana atadzipinda pansi, atagwira m'nthiti cha kumsana, akusanza. Anati zikukhala ngati wina akuwapotokola mpeni kuchokera kumsana kutsikira m'chinena. Pa chipatala chaching'ono cha kufupi anawayeza malungo, sanawapeze, anawapatsa mankhwala opha ululu. Atatha amenewo, bamboyo ankatuma anthu kukagula ena kugolosale, n'kumawameza ngati mtedza. Tonse tinkati ndi msana, wagona nthawi yaitali. Kuti mumkodzo mukutuluka magazi anandibisira. Ndinadziwa tsiku limene anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kutambasula dzanja. M'chikhatho munali kamwala kofiirira, kokhala ndi minga, kakang'ono ngati njere ya mapira.

"Katuluka m'thupi mwanga aka," anatero. "Ndiye kuti andiponyera."

"Bambo, tiyeni kuchipatala."

"Mundigonekenso pa njerwa paja? Iyayi."

Anakana mpaka mapazi atatupa, nsapato osalowa, mpweya n'kuyamba kuchepa akangoyenda pang'ono. Pamenepo chaka chinali chitatha chivulalire. Atavomera, achipatala anatitumiza ku chipatala chachikulu mumzinda, kumene anawaunika m'mimba ndi kuyeza magazi. Dokotala wake anali mayi wachichepere, wolankhula mosathamanga.

"Impso zonse ziwiri zili ndi miyala. Ya kumanzere inatsekeka kalekale, inatupa, pano sikugwiranso ntchito. Ya kumanja ikugwira, koma pang'ono."

Anatifotokozera kuti fupa limalimba chifukwa chonyamula thupi. Munthu akagona nthawi yaitali, mafupa amayamba kutaya mchere umene umawalimbitsa. Mcherewo umalowa m'magazi, impso n'kumausefa. Madzi akakhala ochepa, umaundana mmenemo monga zoyera zija zimene zimamatirira pansi pa ketulo. Anawonjeza kuti mankhwala a kugolosale aja anapweteka impso imene inatsala. Kenako anafunsa, akulemba, osatiyang'ana n'komwe:

"Nthawi imene anagona ija, madzi ankamwa okwanira?"

Anayankha ndi amuna anga.

"Ndinkakana ndine, adokotala. Mayiwa ankandipatsa."

Bodza limenelo sitinalikambiranepo, m'basi kapena kunyumba. Ndikanakonda akanandikalipira.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, pa nthawiyo ankaphunzira za unamwino. Atabwera patchuthi anawerenga mapepala onse a kuchipatala. M'mawa wina tili pakhonde, bambo ake akuothera dzuwa mapazi otupawo atawasanjika pa mpando, anatulutsa foni.

"Ababa, taonani ichi."

Pachithunzipo panali azungu atagona pa mabedi oyera, mapazi m'mwamba, mutu kunsi. Amuna anga anachiyandikitsa kumaso.

"Awanso chinawagwera chipika?"

"Ayi, ndi abwinobwino. Amachita kudzipereka."

Anatiuza kuti anthu amene amapita kutali m'mlengalenga, kunja kwa dziko lino, kumeneko thupi silikhala ndi kulemera. Amangoyandama. Mafupa sanyamula kanthu, magazi amathamangira kumutu, nkhope zimatupa, ndipo ena amadwala miyala ya mu impso. Tsono akatswiri akafuna kudziwa zimene zimachitika m'thupi kumeneko, sachita kutumiza munthu kumwamba. Amamugoneka pabedi lopendekeka masabata ambiri, osadzuka, chifukwa thupi limachita zofanana.

Bambo ake anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti ine ndinapita kumwezi ndili pa Dedza pompano? Mayi, mwamva? Munakwatiwa ndi munthu wa m'mlengalenga."

Ine sindinaseke. Ndinatenga foniyo. Pa chithunzi china munthu anali kupalasa njinga atagona chagada, njingayo itamangidwa kumapeto kwa bedi. Pambali pake panali anthu atatu ovala zoyera, wina atagwira botolo la madzi lokhala ndi kapaipi.

"Anthu atatu onsewa akuyang'anira munthu mmodzi wosadwala?"

"Eya amayi. Amayeza chilichonse, madzi amene wamwa, mkodzo umene wataya, magazi ake. Akangoona kuti china chikulakwika amamudzutsa."

"Ndipo amawapatsa kangachepe?" anafunsa bambo ake.

"Amawapatsa."

"Ha! Ine ndinagona ulele."

Ndinamufunsa za njingayo. Anati ena amawachititsa masewera olimbitsa thupi, ena ayi, kuti aone kusiyana kwake. Ndinadikira bambo ake atalowa m'nyumba, n'kumukokera kukhitchini. Ndinamuuza za chitenje chija, zimene anali asanamvepo.

"Mwanawe, undiuze zoona. Chikanakhalapo, impso za bambo ako zikanapulumuka?"

Anayang'ana pansi. "Amayi, mafizo amathandiza minofu, pamenepo palibe wokana. Mafupanso amawathandizako. Koma za impso, pa zimene ndawerenga ine, sindinaone yankho limodzi. Zikuoneka kuti amathandiza, koma osati okha, ndiponso osati kwa aliyense. Ngakhale iwowo akufufuzabe."

"Nanga madzi?"

"Madzi ndi ofunika, amayi."

"Ndiye kuti ndinawapha ndine."

"Sindinatero. Ena amagona miyezi yomweyo, madzi osamwa bwino, n'kudzuka opanda kanthu. Ena amachita zonse n'kudwalabe. Chitsulo chija chikanapezeka, ababa akanadzuka pasanathe sabata ziwiri. Bwanji simukuyambira pamenepo?"

Ndinkafuna andiuze chimodzi, kuti ndine wolakwa kapena ayi, kuti ndidziwe cholapa kapena choiwala. Anandisiya pakati, ndipo pakati pomwepo ndi pamene ndili mpaka lero. Kwinakwake anthu ali ndi mabedi, makina ndi madokotala ofufuzira impso za munthu amene adzapite kumwezi. Ife funso lomwelo linatigwera m'nyumba, ndipo panalibe ngakhale mmodzi woti ayang'ane mtundu wa mkodzo m'kachigubu kaja.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti amuna anga nkhani ya mwana wawo anaitenga mwamphamvu. M'mawa mwake anamanga chingwe pa mtanda wa denga la pakhonde n'kuyamba kudzikweza. Ankafika katatu, n'kukhala pansi akupuma ngati wathamanga. Anayamba kuyenda m'mawa uliwonse mpaka pamsewu ndi kubwerera, mtunda umene kale sankauwerengera n'komwe. Ankapuma kawiri panjira. Madzi ankapempha okha, koma tsopano adokotala anali atalamula kuti azimwa moyeza, chifukwa impso yotsalayo sinkatha kuwatulutsa. Ndinkawayezera m'kapu, iwo akundichonderera kuti ndiwonjezere pang'ono. Nthawi imene ankafunika madzi ndinawamana, nthawi imene ankawalira ndinayenera kuwamananso.

"Bambo, mukudzitopetsa," ndinawauza tsiku lina atabwera kumsewu milomo itayera.

"Ndisiyeni, mayi. Ndinagona zokwanira."

Mumzinda muja anatiuza za makina osefa magazi. Makinawo anali ochepa, odwala ambiri. Anatilemba pa mndandanda n'kutiuza kuti adzatiimbira. Foni ndinkayenda nayo ngakhale m'kalasi, ndikuphwanya lamulo la ahedi. Inalira kambirimbiri, koma sanali iwo.

Bamboyo anayamba kuyabwa thupi lonse. Chakudya chinkawanunkhira chitsulo. Ulendo wa kumsewu unafupika kufika pa mtengo wa pichesi wa kumpanda, kenako pakhomo. Masiku omaliza ankasokoneza mawu, kuitana anzawo a kuphiri kuti agwire chipika. Anamwalira mu Febuluwale, masana, mvula ikugwa, nyemba za m'munda zikuchita maluwa.

Tinakawaika kwawo ku Lobi. Mlamu wanga, mng'ono wawo, amene analipo posambitsa thupi, anabwera kudzandipepesa. Pofuna kunditonthoza anati:

"Alamu, koma mwendo uja unagwirana bwino zedi. Wowongoka ngati sunathyokepo."

Apongozi anali pambali panga pamphasa. Anagwedeza mutu.

"Ndinanena ine kuti asagwedezeke. Mwendo tinaupulumutsa. Izi zinazi ndi anthu a kuphiri, ankamuchitira nsanje mwana wanga."

Amayi onse anavomereza. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona nkhalamba imene yaika mwana wake m'manda, yokhulupirira ndi mtima wonse kuti inamuchitira zabwino. Ndinatseka. Mpaka pano amadziwa choncho, ndipo ndikapita kukawaona amandilandira bwino.

Mwezi utatha ndinabwerera kuntchito. Teremu yotsatira, m'buku la sayansi la kalasi langa munali mutu wa ziwalo zotulutsa zoipa m'thupi. Ndinali nditauphunzitsa zaka zambiri. Ndinkajambula impso ziwiri pabolodi ngati nyemba, ana n'kumaloweza kuti tizimwa madzi ambiri ndi kulimbitsa thupi. Tsiku limenelo ndinajambula imodzi. Dzanja linakana kujambula inzake. Ana anadikira, ena anayamba kunong'onezana. Ndinafufuta, n'kuwauza kuti atulutse mabuku a masamu.

Pa nthawi yopuma ndinapita kwa mphunzitsi mnzanga wa kalasi loyandikana nalo n'kumupempha kuti mutu umenewo azindiphunzitsira ndiye, ine ndizimutengera Chichewa. Sanafunse chifukwa. Takhala tikusinthana choncho chaka chilichonse, ndipo chaka chamawa ndikupuma pantchito.